Masomphenya a 2020 anatisiya opanda maliro

Kwathu munthu akamwalira, asanamuike m'manda pamaimirira wachibale kufotokozera khamu mmene matenda anayambira, zipatala zimene anagonako ndi tsiku limene anatsirizika. Mwambo umenewu uli ndi ntchito yake. Otsala amafuna kudziwa chimene chadya mnzawo kuti nawonso achenjere nacho. Ndalemba nkhani ino, Amalawi anzanga, chifukwa pali maliro amodzi amene sitinawalire, ndipo palibe mtsogoleri amene anaimirira kutiuza chimene chinadya malemuwo. Ndikunena Vision 2020, masomphenya aja amene boma la a Bakili Muluzi linakhazikitsa mu 1998.

Achinyamata ambiri amene akuwerenga tsamba lino ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku South Bend anali makanda nthawi imeneyo, choncho ndiwakumbutse. Chikalatacho chinalembedwa atafunsa maganizo a mafumu, azipembedzo, ophunzira ndi amalonda. Lonjezo lake linali lakuti pofika 2020 Malawi adzakhala dziko loopa Mulungu, lodzidalira, la demokalase yokhwima, losamala chilengedwe, ndipo chuma chake chidzakhala chitachoka pagulu la maiko osaukitsitsa n'kulowa pagulu lapakati, chikuyendera luso lamakono. Mawu ake anali okoma, ndipo anthu anawakhulupirira chifukwa matipate anali adakali atsopano. Tinali titangokana ulamuliro wa chipani chimodzi pa 14 June 1993, ana anali atayamba sukulu ya pulayimale yaulere mu 1994, ndipo zinkaoneka ngati chilichonse n'chotheka.

Chaka cha 2020 chitakwana, theka la Amalawi linali likadali mu umphawi malinga ndi kafukufuku wa boma lenilenilo. Chuma chonse cha dziko mukachigawa pa munthu aliyense sichinkafika madola 700 pachaka, pomwe kuti dziko lilowe pagulu lapakati pankafunika madola opitirira 1,000. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankaunikira magetsi. Dola imodzi, imene mu 1998 inali yosafika K50, inali itadutsa K700. Fodya anali akadali mbewu yaikulu yotibweretsera ndalama zakunja monga mmene zinalili nthawi ya Kamuzu. Chimene chinakula mosakaikitsa ndi chiwerengero chathu: tinali 9.9 miliyoni mu 1998, tinafika 17.5 miliyoni mu 2018, pa nthaka yomweyo, minda ikungocheperachepera.

Bungwe la National Planning Commission linaunika masomphenyawo n'kuvomereza kuti zambiri sizinatheke. Komatu lipoti la akatswiri limathera m'mashelefu. Mwa zipani zimene zinalamula m'zaka zimenezo, UDF, DPP ndi PP, palibe chimene chinaima pamaso pa anthu n'kunena kuti mbali iyi tinaononga ndife. Mu January 2021 anatipatsa mwana wina dzina lake Malawi 2063, ndipo tinayambanso kuomba m'manja.

Ndisanapitirire, ndinene zabwino zimene zinachitikadi, chifukwa wodzudzula amene saona chabwino chilichonse amakhala wamiseche chabe. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika kwambiri, kuchoka pafupifupi 190 pa ana 1,000 mu 2000 kufika pafupifupi 64 pofika 2016. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ndipo amene tinaona mmene maliro ankachulukira m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kuti zimenezi si zazing'ono. Pa 3 February 2020 makhoti athu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo dziko lonse lapansi linatipatsa ulemu. Tsono onani kuti zabwino za umoyo zija zinayendera kwambiri ndalama za maiko otithandiza, ndipo za kukhoti zija sizinaike nsima patebulo. Mmalawi wa lero akukhala ndi moyo zaka zambiri kuposa makolo ake, koma zaka zimenezo akuzikhala ali mmphawi ngati makolo akewo.

Tikafunsa chifukwa chake, mayankho amene timapatsidwa ndi odziwika: chilala, namondwe, kusowa doko lathulathu, malamulo a IMF. Zonsezi ndi zoona ndithu. Namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, Freddy anapha anthu opitirira 1,000 mu March 2023, ndipo katundu wathu amayenda ulendo wautali wodula kuchokera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Koma olemba Vision 2020 ankadziwa kale kuti Malawi alibe nyanja ya mchere ndiponso kuti mvula yathu imagwa nyengo imodzi pachaka. Masomphenya amalembedwa kuti athane ndi zovuta zodziwika ngati zimenezi. Munthu sangamange nyumba m'dambo kenako n'kumadandaula kuti kunagwa mvula.

Matenda amene ine ndikuwaona ali pa mawu akuti chitukuko, ndi mmene andale anawasandutsira. Mvetserani msonkhano uliwonse wa ndale kwathu. Mfumu imaimirira n'kupempha kuti bwana mutiganizireko mlatho, mutiganizireko mjigo. Bwana amaimirira n'kuyankha kuti ndamva kulira kwanu, ndikubweretserani chitukuko. Mwanjira imeneyi chitukuko chinasanduka katundu wonyamula pa galimoto, mphatso yochokera m'thumba la mtsogoleri, imene amapatsa omuvotera n'kumana omukana. Msonkho ndi wa anthu, ngongole adzabweza ndi ana a anthu omwewo, koma kuthokoza kumapita kwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake tili ndi chipatala cha Kamuzu, bwalo la ndege la Kamuzu, damu la Kamuzu, mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, bwalo la masewero la Bingu. Tsono mphatso imafunika kuoneka ndi maso, kuti pakhale riboni yodula ndi amayi ovina. Ntchito zimene zimatukuladi dziko, monga kukonza njanji yakale, kuphunzitsa aphunzitsi, kutumiza alangizi a zaulimi kumidzi, kulipira ngongole pa nthawi yake, zilibe riboni, choncho zimadikira.

Chitukuko chikakhala cha mwini wake, wobwera pambuyo safuna kulera mwana wa mnzake. Pansi pa Vision 2020 yomweyo tinaona ndondomeko yothana ndi umphawi mu 2002, MGDS yoyamba mu 2006, yachiwiri mu 2011, ndondomeko yodzutsa chuma ya a Joyce Banda mu 2012, ndi MGDS yachitatu mu 2017. Aliyense ankayamba poyambira, ndi akatswiri ake ndi misonkhano yake ya kunyanja. Nthawi imene inayenera kupita ku ntchito inapita ku mipando. Mu 2002 anthu ankafa ndi njala chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa pafupifupi chonse, koma nkhani imene inatenthetsa Nyumba ya Malamulo mu July chaka chimenecho inali yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu anatha zaka akukangana za gawo 65 la malamulo aakulu, mpaka bajeti inkachedwa kuvomerezedwa.

Palibe chimene chimaonetsa bwino matendawa kuposa nkhani ya mbendera. Mu July 2010 boma la a Bingu linachotsa dzuwa lofiira lotuluka lija n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, ati chifukwa Malawi watukuka, kunacha kale. Mu October chaka chomwecho anatsegulira doko la Nsanje pamaso pa a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda, asanagwirizane ndi dziko la Mozambique, eni ake a mtsinje wa Zambezi umene zombo zinkayenera kudutsamo. Chombo chonyamula feteleza chimene chinkayembekezeka pamwambowo chinagwidwa ku Mozambique konko, ndipo dokolo silinagwirepo ntchito imene analimangira. Chaka chotsatira mafuta a galimoto anasowa, ndalama zakunja zinauma, ndipo pa zionetsero za 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Mu 2012 aphungu anabwezeretsa mbendera yakale. Tinayesa kukweza dzuwa ndi singano ya telala.

Nkhani ya feteleza ndiyo imafuna kuilankhula modekha, chifukwa ikukhudza mimba za abale athu. Makuponi amene anayamba mu 2005 anathandizadi. Mvula itagwa bwino chimanga chinachuluka, mpaka mu 2007 tinagulitsako ku Zimbabwe. Koma taonani mmene ndondomekoyi imayendera. Feteleza timagula kunja, ndi madola. Chimanga chimene amabereka nthawi zambiri timadya tokha, sichibweza madola. Chaka chamawa tiyeneranso kupeza madola ena ogulira feteleza wina, ndipo mvula ikadula mu February ndalama zonsezo zapita. M'chaka cha 2008/09 ndondomekoyi inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko. Ndalama za ulimi wamthirira, kafukufuku wa mbewu ndi misika zinkatsala zochepa. Palibe chipani chimene chingayerekeze kunena zimenezi pa kampeni, chifukwa thumba la feteleza ndilo mphatso yooneka kuposa zonse. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza thumba pa K4,495. Pofika 2022 wolandira thandizo ankalipira K15,000, ndipo chaka chomwecho tinamva kuti pafupifupi K750 miliyoni ya feteleza inalipiridwa ku kampani ina ya ku Britain yogulitsa nyama, mpaka nduna ya zamalimidwe inachotsedwa. Pofika 2025 thumba la m'sitolo linali litadutsa K100,000.

Apa ndi pamene pagona kugwa kwa kwacha, kumene ife okhala kunja timakuona msanga. Dziko lathu limagula kunja katundu wa pafupifupi madola 3 biliyoni pachaka, pomwe limagulitsa wa pafupifupi 1 biliyoni. Mpata umenewo umatsekedwa ndi thandizo, ngongole ndi ndalama zimene timatumiza ife. Zikaperewera, boma limaumiriza mtengo wa dola kuti usasunthe, madola amathawira kumsika wa mseri, mapampu amauma, kenako kwacha imagwetsedwa kamodzi n'kamodzi. Zinatero mu May 2012, zinatero mu May 2022 ndi 25 peresenti, zinateronso mu November 2023 ndi 44 peresenti. Kumayambiriro kwa 2025 mtengo wa kubanki unali pa K1,751 pomwe mumsewu dola inadutsa K4,000, mpaka ogulitsa kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe. Ndalama imeneyi itabadwa mu 1971, makwacha awiri ankasinthana ndi paundi imodzi. Pepala la K500 linatuluka mu 2001, la K1,000 mu 2012, la K2,000 mu 2016, la K5,000 mu 2022. Mbiri ya chuma chathu yalembedwa m'chikwama cha munthu aliyense.

Ndipo tigulitsa chiyani kunja pamene zimene tinkapanga tinazileka? Fakitale ya nsalu ya David Whitehead inagulitsidwa mu 2003, ndipo dziko lolima thonje likuvala kaunjika. Mabasi a Shire Bus Lines anatha, Air Malawi inaleka kuuluka mu 2013, ADMARC inatsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso ogwira ntchito atachotsedwa. Makampani a boma amenewa anali ndi mavuto awo, ndipo ena ankangodya misonkho. Cholakwika chinali kuwagulitsa kapena kuwasiya afe popanda kulingalira chimene chidzalowe m'malo mwake. Mu 2006 maiko ndi mabungwe anatikhululukira ngongole zambiri zakunja, mwayi umene umabwera kamodzi. Patangotha zaka 16, a IMF ananena kuti ngongole zathu zafikanso posabwezeka. Pakati pa zaka zimenezo pali Cashgate ya 2013, pamene mabiliyoni anatuluka ku Capital Hill m'miyezi yochepa, otithandiza n'kuleka kuika ndalama mu bajeti yathu.

Ndikudziwa kuti pofika apa akuluakulu ena akuti: mwaona, nthawi ya Ngwazi zinthu zinkayenda. Nkhani imeneyi imamveka pa maliro ndi pa maukwati athu onse kuno kunja, ndipo ndi yoyenera kuiyankha mwaulemu. Zoona, m'zaka za m'ma 1970 chuma chinkakula, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, misewu inkakonzedwa, ndipo wogwira ntchito m'boma ankaopa kuba. Koma chuma chimenecho chinamangidwa pamsana pa mlimi wamng'ono, amene sankaloledwa kulima fodya wa bale ndipo ADMARC inkamugula mbewu motchipa, phindu n'kupita ku maesiteti a akuluakulu. Chinamangidwanso pamsana pa azibambo opitirira 100,000 amene anali kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown itapha Amalawi 74 mu 1974. Pofika 1981 boma lomwelo linali litapita kale ku World Bank kukatenga ngongole yokonzera chuma. Ndipo wofunsa mafunso ankathera ku Mikuyu, kapena ngati a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga ku Mwanza mu 1983. Chizolowezi chothokoza munthu mmodzi pa chilichonse chinabadwa nthawi imeneyo. Matipate anangochilandira n'kuchigawa kwa mabwana ambiri.

Tsopano tiyeni tione Malawi 2063. Pa pepala ndi yabwino kuposa mkulu wake. Yasankha nsanamira zitatu, ulimi wa malonda, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, ili ndi ndondomeko ya zaka khumi zoyamba, ndipo ili ndi bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo loiyang'anira. Cholinga choyamba ndi chakuti tilowe pagulu la maiko apakati pofika 2030, ndipo kuti zimenezo zitheke chuma chimayenera kukula ndi pafupifupi 6 peresenti chaka chilichonse. Mu 2022, 2023 ndi 2024 chinakula ndi ochepera 2 peresenti, pomwe anthu ankachuluka ndi opitirira 2.5 peresenti. Ndiye kuti Mmalawi wamba ankasaukirasaukira chikalata chili m'manja. Vuto lina ndi chaka chenichenicho cha 2063. Mwa akuluakulu amene anakhala kutsogolo pa mwambo wochikhazikitsa, ndi angati adzakhalepo kuti tidzawafunse? Lonjezo limene tsiku lake lili kuseri kwa manda a wolonjeza ndi losavuta kulinena.

Chimene chikundiopsa kuposa manambala onsewa ndi chimene chachitika m'mitima. Mu June 2020 anthu anavotera a Lazarus Chakwera atawalonjeza Kenani, ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu patsiku. Pa 16 September 2025 anthu omwewo anabwezera pampando a Peter Mutharika, a zaka 85, amene anawachotsa zaka zisanu m'mbuyomo, ndi mavoti pafupifupi 57 peresenti. Sindikuwadzudzula. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene wagona pa mzere wa petulo ndi kuona mitengo ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka ali ndi ufulu wolanga amene amulakwira. Koma taonani chimene anthu ankapempha. Mu 1994 ndi mu 2020 ankavotera mawa. Mu 2025 ambiri ankangofuna kuti shuga, sopo ndi chimanga zibwerere pa mitengo ya 2019. Mtundu ukafika poti loto lake lalikulu ndi dzulo, ndiye kuti waleka kukhulupirira kuti mwana adzaposa bambo ake. Umboni wina ndi ife amene tikuwerenga tsamba lino, ndi achinyamata amene anakwera ndege mu November 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati, ndi mizere ya pasipoti. Wenela anangosintha dzina.

Nanga ife a kunja kuno mbali yathu ndi iti? Ndalama zimene timatumiza zikulipira fizi, zikugula mankhwala, zikufolera nyumba, ndipo palibe amene angatinyoze pa zimenezo. Koma tisamale kuti tisasanduke aphungu ang'onoang'ono, obwera pa Khirisimasi ndi mjigo wolembedwa dzina lathu n'kumayembekeza nthungululu. Ena mwa ife kwacha ikagwa timamwetulira chifukwa mapaundi 100 achulukitsa njerwa, osaganiza za mphunzitsi amene malipiro ake asungunuka usiku umodzi. Ndipo m'magulu athu a WhatsApp timathera usiku tikutukwanizana za zipani ndi zigawo, ngati kuti njala ya ku Nsanje imasiyana kukoma ndi ya ku Karonga.

Pempho langa ku bungwe lathu ndi laling'ono. Ife tili ndi mwayi umene abale athu kumudzi alibe: phungu sangatimane kuponi, ndipo bwana sangatisamutsire ku sukulu ya kutchire. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo malamulo tsopano amalola kukhala nzika ya maiko awiri. Tiyeni tisankhe zinthu zochepa zimene Malawi 2063 inalonjeza pofika 2030, monga magetsi, mahekitala a mthirira ndi katundu wogulitsa kunja, ndipo chaka chilichonse tizilemba pano pamene tafika, posayang'ana kuti ali pampando ndi ndani. Aliyense wa ife ali ndi boma la kwawo. Tilembere makhonsolo athu kufunsa mmene ndalama za CDF zayendera, ndipo mayankho ake, kapena kusayankha kwake, tiwauze abale athu m'chilankhulo chimene amamva. Tipitirizenso kumenyera ufulu wovota tili kuno, chifukwa amene akusenza nawo denga ayenera kukhala nawo pokambirana za nyumbayo.

Chaka cha 2030 sichili kutali. Chikadzafika, akuluakulu adzabwera ndi zifukwa zawo, ndipo zina zidzakhala zoona. Pakadzasowa anthu osunga malonjezo a 2021 ndi manambala ake, adzatipatsanso chikalata china chokhala ndi chaka chakutali, ndipo ana athu adzawerenga nkhani ngati ino ali m'dziko la eni. Amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga, makamaka inu amene munagwirapo ntchito ku Capital Hill, lembani tikambirane. Mutu umodzi susenza denga.